Mmene Mungakonzere Bajeti ya Zithunzi ndi Vidiyo ya Ukwati Wanu

Pa zonse zimene mudzalipire pa ukwati wanu, pali chimodzi chimene simungachione musanatulutse ndalama. Zovala mumaziyesa, holo mumapita kukaiona, oimba mumawamva akuimba kwina. Koma zithunzi ndi vidiyo zimabwera patapita masabata, mwinanso miyezi, tsikulo litadutsa kalekale, ndipo zikapezeka kuti n'zoipa palibe angaitanenso alendo kuti mudzajambulitse kachiwiri. N'chifukwa chake gawo limeneli siliyenera kungokhala nambala imodzi kumunsi kwa mndandanda, yolembedwa ndalama zitatsala pang'ono kutha.

Ndathandizapo abale ndi anzanga angapo kuwerengera gawoli, ndipo ambiri amaphonya pamalo amodzimodzi. Amaganiza kuti akulipira kamera. Chimene mukulipira ndi nthawi ya munthu, ndipo yambiri mwa nthawiyo amaigwiritsa ntchito inu kulibe, ali yekha pa kompyuta. Mukamvetsa zimenezi, mitengo imene inkaoneka ngati yongotchula imayamba kumveka, ndipo mumadziwa pamene mungadule ndi pamene simuyenera kukhudza.

Yambani ndi pepala, osati ndi foni ya wojambula

Musanafunse aliyense mtengo, khalani pansi awirinu. Aliyense atenge pepala lake, alembe zinthu zisanu zimene akufuna kudzaona kapena kudzamva patapita zaka khumi. Musaonerane polemba. Mukatha, yerekezani.

Zimene zimatuluka nthawi zambiri zimadabwitsa eni ake. Wina amalemba nkhope ya agogo ake amene akalamba, wina amalemba mawu amene adzalankhule polumbira. Wina akufuna chithunzi chimodzi chachikulu chopachika pakhoma, mnzake akufuna kavidiyo kakafupi kotumizira achibale amene ali kutali. Mapepala awiriwa ndiwo adzakuuzeni ngati ndalama zambiri zipite ku zithunzi kapena ku vidiyo. Ngati zinayi mwa zisanu ndi nkhope za anthu, ndalama ipite kwa wojambula zithunzi. Ngati zambiri ndi mawu, kuseka, kuvina ndi zolankhula za makolo, vidiyo isakhale chinthu chongowonjezera.

Ndalama zikakhala zokwanira chimodzi chokha, ine ndimati sankhani wojambula zithunzi waluso kusiyana n'kugawa kandalamako pawiri n'kupeza anthu awiri osadziwa ntchito. Zithunzi zimaonedwa kawirikawiri kuposa vidiyo ya maola atatu. Mawu a malumbiro mutha kuwasunga mwanjira yotsika mtengo, ndidzanena kutsogoloku.

Ikani malire, kenako muwagawe

Palibe gawo la ndalama za ukwati limene linaikidwa ngati lamulo kuti lipite ku zojambula. Zimatengera zimene munalemba pa mapepala aja ndi zimene zatsala mukachotsa zinthu zimene ukwati sungachitike popanda izo. Chofunika n'chakuti mutchule nambala imodzi, muilembe, ndipo nonse muvomereze kuti simudzaidutsa.

Nambala imeneyo musaipereke yonse kwa wojambula. Igaweni m'magawo 100. Ine ndimalangiza kuti mgwirizano ndi wojambula usapitirire magawo 80 kapena 85. Magawo 10 kapena 15 akhale pambali osakhudzidwa, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma: mwambo uchedwa, pafunika ola lowonjezera, galimoto ya wojambula yafunika mafuta ena. Magawo 5 otsalawo ndi osungira zithunzi zikabwera, ndalama imene pafupifupi aliyense amaiiwala.

Ndiye mukamafunsa mitengo, nambala imene mukunena kwa ojambula ndi ya magawo 80 aja, osati yonse.

Werengani maola, chifukwa mtengo wagona pamenepo

Apa m'pofunika kudekha. Lembani ndondomeko ya tsiku lonse kuyambira pamene mukuyamba kuvala mpaka alendo atabalalika, ndipo pambali pa chilichonse lembani nthawi. Musaiwale maulendo. Ngati mukuvalira kwina, kulumbirira kwina, kujambulitsa kwina, phwando kwinanso, nthawi ya panjira nayo wojambula amaiwerengera, ngakhale kamera ili m'chikwama.

Kenako tengani cholembera muchonge pamene pakufunikadi wojambula. Mudzapeza kuti si maola onse. Kuvala kumatenga nthawi yaitali, koma zithunzi zabwino za kuvala zimapezeka m'mphindi 45 zomaliza, tsitsi litatha kale, munthu akungomaliza. Phwando nalo lingapitirire mpaka usiku, koma zolankhula, kuvina koyamba ndi zina zikuluzikulu zikatha, zithunzi za maola otsatira zimangofanana, anthu atatopa, thukuta lili kamukamu. Mukasuntha zinthu zofunikazo kuti zichitike kumayambiriro kwa phwando, mwapulumutsa maola awiri popanda kutaya kanthu.

Pali chinanso chaulere chimene ndondomeko ingakupatseni, ndicho kuwala. Dzuwa la pakati pa tsiku limachokera pamwamba penipeni, limasiya mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo anthu amatsinzina. Ola lomaliza dzuwa lisanalowe kuwala kumakhala kofewa, kochokera m'mbali, ndipo khungu limaoneka bwino popanda wojambula kuvutika. Fufuzani nthawi imene dzuwa lidzalowe pa tsiku lanu, mafoni amakono ambiri amasonyeza, n'kusiya mphindi 20 za inu awiri nokha ndi wojambula pa nthawi imeneyo. Simulipira kalikonse kowonjezera, koma zithunzi zimene mudzapachike mwina zidzachokera m'mphindi zimenezo.

Mukatha kuwerenga, onjezani ola limodzi. Sindinaonepo ukwati woyenda ndendende monga mmene unalembedwera papepala.

Dziwani chimene chili m'kati mwa mtengo

Wojambula amene wakhala nanu maola asanu ndi atatu amabwerera kunyumba ndi zithunzi masauzande. Ayenera kuziona chimodzichimodzi, kutaya zimene wina watsinzina kapena wagwedezeka, kenako kukonza kuwala ndi mtundu wa zotsalazo. Ojambula ambiri aluso amajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona kuti pokonza akhale ndi pogwira. Fayilo imodzi yotere ya kamera ya ma megapixel 24 imatha kukhala MB 25 kapena 30, choncho zithunzi 2,000 zimadya GB 50 kapena kuposa. Fayilo imeneyi simungangoitumiza kwa azakhali pa foni. Iyenera kukonzedwa kaye n'kusandutsidwa JPEG, mtundu wa chithunzi umene umatseguka pa foni ndi pa kompyuta wamba.

Ku vidiyo ntchitoyo imachuluka kwambiri. Kamera yojambula vidiyo yakuthwa kwambiri yotchedwa 4K pa ma megabit 100 pa sekondi imadzaza GB 45 pa ola limodzi. Ngati makamera ndi awiri, wirikizani. Zonsezo wina ayenera kuziona, kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi, kudula, kulumikiza, kukonza mtundu. Kavidiyo ka mphindi zisanu kokongola kaja kamatha kutenga nthawi yambiri yokonza kuposa vidiyo ya ola lathunthu, chifukwa sekondi iliyonse imasankhidwa. Anthu amadabwa akamva kuti kakafupi n'kokwera mtengo. Chifukwa chake n'chimenechi.

Ndiye mtengo ukakhala wotsika kwambiri kuposa ena onse, dzifunseni kuti achotsa chiyani. Kawirikawiri chimene chachotsedwa ndi chimene simungachione pa tsikulo: nthawi yokonza, kamera yachiwiri yodikira ngati yoyamba yafa, kapena posungira mafayilo anu.

Funsani atatu, funso limodzimodzi

Lembani uthenga umodzi wokhala ndi tsiku, malo, maola amene mwawerenga, chiwerengero cha alendo ndi zimene mukufuna kulandira. Tumizani uthenga womwewo kwa ojambula osachepera atatu. Mukafunsa kuti "mumatchaja zingati ukwati?" aliyense adzakupatsani pakeji yake, ndipo mudzakhala mukuyerekeza zinthu zosafanana.

Tiyerekeze ndi manambala wamba. Woyamba wati 100 pa maola 6, yekha. Wachiwiri wati 130 pa maola 10, ali awiri. Poona koyamba, woyambayo ndiye wotsika mtengo. Koma inu munawerenga kuti mukufuna maola 9, ndipo woyambayo amatchaja 20 pa ola lililonse lowonjezera. Ndiye kuti afika 160, ali yekhabe. Wachiwiri wakhalabe pa 130. Masamu ang'onoang'ono ngati amenewa achitike musanasankhe, osati usiku wa ukwati wojambula atakukokerani pambali kukuuzani kuti nthawi yake yatha.

Zithunzi zimene wojambula amaika pa Instagram kapena pa Facebook ndi zabwino koposa zimene wasankha pa maukwati ambiri. Sizikuuzani zambiri. Pemphani kuona ukwati umodzi wathunthu, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, monga mmene anaperekera kwa eni ake. Yang'anitsitsani zithunzi za m'nyumba ndi za usiku, chifukwa panja masana ngakhale foni imajambula bwino, koma m'holo ya mdima ndi mmene luso ndi zida zimaonekera. Onani ngati chovala choyera chikuonekabe nsalu yake kapena changokhala mbee, ndiponso ngati nkhope za anthu a khungu lakuda ndi loyera zikuoneka bwino pa chithunzi chimodzi. Ku vidiyo, tsekani maso n'kumvetsera. Ngati malumbiro akumveka ngati munthu akulankhulira m'chitsime, zithunzi zake zikhale zokongola bwanji, pitani kwina.

Safunsa anadya phula, choncho funsani izi popanda manyazi. Kodi amene mukulankhula nayeyo ndi amene adzabwere, kapena adzatumiza wina? Kodi kamera yake imalemba pa makadi awiri osungira zithunzi nthawi imodzi? Makamera ambiri a akatswiri ali ndi malo a makadi awiri, kotero kuti kadi imodzi ikawonongeka zithunzi zimakhalabe pa inayo. Kodi ali ndi kamera ina yapadera? Akadwala adzatani? Kodi tsiku lomwelo ali ndi ukwati wina? Funso lomalizali ndinaphunzira kulifunsa m'bale wanga wina atatsala ndi mnyamata wophunzira ntchito pakati pa phwando, mwini wake atathamangira ku ukwati wachiwiri umene sanatiuze.

Sakani ndalama zobisika

Mtengo wa pakeji si ndalama yonse imene mudzatulutse. Funsani kuti izi zili m'kati kapena ayi, ndipo yankho lililonse mulilembe pa bajeti: mayendedwe a wojambula ndi anthu ake, pogona ngati malo ndi akutali, chakudya chawo pa tsikulo, mtengo wa ola lowonjezera, msonkho ngati ulipo, alubamu, zithunzi zosindikiza, kusintha vidiyo mukaiona koyamba.

Za chakudya, musanyalanyaze. Munthu amene waima maola khumi atanyamula zida ayenera kudya, ndipo ndi bwino adye nthawi imene inu mukudya, chifukwa palibe amene amafuna kujambulidwa akutafuna. Muwerengereni pa chiwerengero cha alendo.

Malo ena amalipiritsa kujambula, makamaka minda, mahotela ndi nyumba zakale. Nyumba zina zopemphereramo zimaletsa fulashi ya kamera kapena zimaika malire a pamene wojambula angaime. Funsani msanga. Mukadziwa kuti sadzaloledwa kuyandikira, wojambula amabwera ndi lenzi yoyenera, ndipo mwina kamera yachiwiri imene mumafuna kulipira ilibenso poima.

Ngati mukufuna kuti achibale akutali aonere mwambo ukuchitika kudzera pa intaneti, imeneyo ndi ntchito ina yapayokha. Imafuna munthu wake, intaneti yodalirika pamalopo, ndi mawu ochokera ku makina a zokuzira mawu. Musaganize kuti wojambula vidiyo adzangochita zimenezo ndi dzanja linalo.

Nyimbo nazo zili ndi msampha. Mukaika nyimbo yotchuka mu vidiyo yanu n'kuitumiza pa YouTube, makina awo otchedwa Content ID amaizindikira, ndipo mwini nyimboyo angathe kuikapo zotsatsa malonda kapena kuitsekereza kuti isaonedwe m'mayiko ena. Facebook ndi Instagram nazo zimatha kuzimitsa mawu. Ojambula ambiri amalipira nyimbo zololedwa, ndipo ndalama imeneyo imalowa mu mtengo. Funsani kuti nyimbo za mu vidiyo yanu zidzachokera kuti.

Podula ndi posadula

Mitengo ikabwera yoposa malire anu, musayambe ndi kupempha kuti akuchotsereni. Pemphani kuti achotse zinthu. Wojambula amavomera msanga kuchepetsa ntchito kusiyana ndi kugwira ntchito yomweyo pa ndalama yochepa, ndipo amene mwamupanikiza kwambiri pa mtengo amabwezera pa nthawi yokonza, inu osadziwa.

Choyamba kuchotsa ndi drone, kandege kojambula kuchokera m'mwamba. Chithunzi cha m'mwamba chimasangalatsa, koma mu vidiyo yomaliza chimatenga masekondi ochepa, ndipo chimene chikuoneka ndi denga la holo ndi magalimoto. Komanso mayiko ambiri ali ndi malamulo ake a drone, makamaka pafupi ndi mabwalo a ndege ndi pamwamba pa khamu la anthu, mvula kapena mphepo ikabwera siuluka n'komwe. Ngati malo anu si okongola mwapadera poyang'ana kuchokera kumwamba, isiyeni.

Chachiwiri ndi 4K. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi Full HD imene ili ndi 1920 ndi 1080. N'zoona kuti n'chakuthwa. Koma ngati ambiri adzaonera pa foni kapena pa TV wamba, Full HD yojambulidwa bwino ndi yokwanira, ndipo mafayilo ake ndi osavuta kutumiza ndi kusunga. Akamatchaja padera pa 4K, mutha kukana osadandaula.

Alubamu itha kudikira. Ngati muli ndi mafayilo athunthu, mutha kuisindikiza patapita chaka ndalama zitapezeka, ndipo pa nthawi imeneyo mumakhala mutadziwa zithunzi zimene mumazikondadi. Kujambulitsa ukwati usanafike nako mutha kusiya, ngakhale kuli ndi ubwino umodzi weniweni: mumazolowerana ndi wojambula, ndipo mumaona ntchito yake nthawi ikadalipo yosintha maganizo. Ngati mmodzi wa inu amauma thupi akaona kamera, ola limodzi lokha lingathandize.

Wojambula zithunzi wachiwiri zimatengera ukwati wake. Ngati mukuvalira malo awiri otalikirana kapena alendo ndi mazana angapo, munthu mmodzi sangakhale ponseponse. Ukwati waung'ono pamalo amodzi, mmodzi waluso akwanira.

Tsiku nalo limasintha mtengo. Ojambula amatanganidwa kumapeto kwa sabata ndi m'miyezi imene maukwati amachuluka. Ngati ukwati wanu uli pakati pa sabata kapena nyengo imene ntchito yachepa, nenani zimenezo pokambirana.

Tsopano zosayenera kukhudza. Mawu musadule. Maikolofoni ya pa kamera imagwira zonse zimene zili pafupi nayo, ana akulira, mipando ikukokedwa, mphepo, pamene inu amene muli patali mamita khumi simumveka. Pamafunika kamaikolofoni kakang'ono kopanika pa chovala cha mkwati kapena cha woyendetsa mwambo, ndi chojambulira mawu cholumikizidwa ku makina a zokuzira mawu. Munthu amapirira vidiyo yosawala bwino, koma vidiyo yosamveka amaizimitsa pasanathe mphindi. Ndipo ngati munasankha kusakhala ndi wojambula vidiyo, nayi njira ija: ikani foni pa choimikira chamiyendo itatu pamalo amodzi, ijambule mwambo wonse osagwedezeka, ndipo foni ina ikhale m'thumba la jekete la mkwati ikujambula mawu okha. Muikeni munthu mmodzi woyang'anira zimenezi, aonetsetse kuti mabatire ndi odzaza, malo osungira alipo, ndipo mafoni onse awiri aikidwa pa flight mode kuti asalandire kuimbidwa.

Musadulenso pa makadi awiri, pa kamera yapadera, ndi pa maola okhudza mwambo weniweniwo.

Za m'bale amene ali ndi kamera

Pafupifupi banja lililonse lili ndi msuweni amene anagula kamera yabwino ndipo wadzipereka kujambula ulere. Mtima wake ndi wabwino. Koma ganizirani ziwiri. Akalephera, simungamudandaulire popanda kuwononga ubale. Ndipo iyeyo sadzaona ukwati wanu, adzaugwirira ntchito. Ngati ndalama zilidi zochepa, njira yapakati ndi iyi: lipirani katswiri maola atatu kapena anayi a mwambo ndi zithunzi za mabanja, msuweniyo atenge za kuvala ndi za kumapeto kwa phwando, kumene kuphonya chithunzi chimodzi si tsoka. Auzeni onse awiri za dongosololi kuti asapingasane.

Alendo nawo adzajambula ndi mafoni awo, ndipo zina mwa zithunzi zawo zidzakhala zamtengo wapatali. Konzani foda imodzi pa intaneti yoti aziponyamo. Auzeni kuti akamatumiza pa WhatsApp atumize ngati document, chifukwa akatumiza mwachizolowezi chithunzicho chimapanikizidwa n'kutaya kuthwa kwake. Koma pa nthawi ya malumbiro, pemphani woyendetsa mwambo alengeze kuti mafoni atsike. Mwalipira munthu kuti ajambule nkhope zanu, osati misana ya alendo atakweza manja pakati pa njira.

Zonse zilembedwe, ndipo musamalize kulipira musanalandire

Mgwirizano suyenera kukhala wautali, koma ukhale wolembedwa ndi wosainidwa ndi mbali zonse. Mukhale tsiku, malo, ola loyambira ndi lomalizira, mayina a amene adzabwere, chiwerengero chochepetsetsa cha zithunzi zokonzedwa, kutalika kwa vidiyo iliyonse, ndi tsiku lenileni lolandirira. Mawu akuti "posachedwa" kapena "zikangotha" asapezekemo. Mulembenso zimene zidzachitike wojambula akalephera kubwera, inu mukasintha tsiku, kapena mafayilo akatayika, ndiponso kangati mungapemphe kusintha vidiyo popanda kulipira.

Pali mfundo imene ambiri saidziwa. M'mayiko ambiri, mwini chithunzi mwalamulo ndi amene wachijambula, osati amene ali pa chithunzicho, pokhapokha mutagwirizana mwina. Choncho mgwirizano unene kuti muli ndi ufulu wosindikiza ndi kugawira ena, kuti mafayilo adzabwera athunthu opanda dzina la wojambula pakati pake, komanso ngati mukumulola kuika nkhope zanu pa masamba ake otsatsira ntchito. Ngati simukufuna, nenani tsopano. Pa kukula kwa mafayilo, kumbukirani kuti kusindikiza kwabwino kumafuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi cha mainchesi 6 ndi 4 chimafuna 1800 ndi 1200, pamene cha kukula kwa pepala la A4 chimafuna pafupifupi 3500 ndi 2500. Mukapatsidwa mafayilo ang'onoang'ono oyenera pa foni okha, chithunzi chachikulu cha pakhoma chija mudzayenera kukachigulanso kwa iye yemweyo.

Mafayilo a RAW ojambula ambiri sapereka, kapena amatchaja padera. Musalimbane nazo. Ngati simudziwa kuwakonza, angokudzazirani malo. Koma ku vidiyo, pemphani mwambo wonse ndi zolankhula zonse zosadulidwa, kuwonjezera pa kakafupi kaja. Kakafupi n'ka chaka chino. Mawu athunthu a bambo anu mudzawafuna iwo kulibe.

Malipiro agawike patatu: dipoziti yosungitsa tsiku, gawo lina ukwati utayandikira, ndi gawo lomaliza polandira ntchito. Ojambula ena amafuna zonse tsiku lisanafike, ndipo ali ndi chifukwa, poti nawonso anathawidwapo ndi anthu amene ndalama zinawathera pa phwando. Kambiranani. Ngakhale magawo 10 kapena 20 okha atatsala m'manja mwanu, foni yanu imayankhidwa msanga. Lipirani m'njira yosiya umboni, ndipo risiti iliyonse muijambule n'kuisunga pamodzi ndi mgwirizano.

Sabata imodzi ukwati usanachitike, mpatseni wojambula ndondomeko ya tsiku ndi mndandanda wa zithunzi za magulu. Usapitirire magulu khumi kapena khumi ndi awiri, chifukwa gulu lililonse limadya mphindi zingapo posonkhanitsa anthu, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene mwalipira. Sankhani munthu mmodzi ku banja lililonse amene amadziwa nkhope zonse ndipo ali ndi mawu omveka, ntchito yake ikhale yoitana anthu. Wojambula sadziwa kuti malume anu ndi ati.

Magawo 5 aja

Zithunzi zikabwera, ntchito yosunga ndi yanu. Ojambula sasunga mafayilo mpaka kalekale, ndipo linki imene akutumizirani imatha ntchito pakapita nthawi. Tsitsani zonse sabata yomweyo.

Anthu osunga mafayilo ali ndi lamulo limene amalitcha 3-2-1: makope atatu, pa zinthu za mitundu iwiri, kope limodzi lili kunja kwa nyumba yanu. Kwa inu zingakhale motere: kope pa kompyuta, kope pa hard drive yapadera, kope pa intaneti kapena pa hard drive ina yosungidwa kwa m'bale. Fulashi yokongola imene wojambula wakupatsani m'kabokosi isakhale kope lanu lokhalo, chifukwa mafulashi amatayika ndipo amafa osachenjeza. DVD wamba imangotenga GB 4.7, chithunzi chake n'chotsika kuposa Full HD, ndipo makompyuta ambiri atsopano alibenso poilowetsa. Pemphani vidiyo ikhale MP4, imene imatseguka pafupifupi pa chipangizo chilichonse.

Musadalirenso malo aulere a pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka GB 15 zaulere, ndipo zimenezo zimagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Kuyambira pa 1 June 2021, zithunzi zatsopano zoikidwa pa Google Photos zimawerengedwa m'malo omwewo. Zithunzi mazana angapo ndi vidiyo ya mwambo wonse zitha kudutsa pamenepo mosavuta, ndiye muwerengere ndalama ya hard drive kapena ya malo owonjezera. Kuika pa Facebook si kusunga, chifukwa amachepetsa mafayilo.

Musanatumize gawo lomaliza la malipiro, tsegulani mafayilo pa kompyuta ina, osati ya wojambula. Werengani zithunzi muone ngati zakwana nambala ya mu mgwirizano, kuzani zingapo muone kukula kwake, ndipo vidiyo muionere yonse mpaka kumapeto muli ndi pepala m'manja, mukulemba mphindi imene mwaona dzina lolembedwa molakwika kapena pamene mawu adukira. Zonsezo mutumize mu uthenga umodzi, nthawi yosintha mwaulere isanathe.